Ampulifaya ya M'bulangete

Bambo oyimba gitala m'kwaya ya ku Bembeke ali ndi ampulifaya yakalekale imene amayitcha "akazi anga achiwiri". Amayifunditsa bulangete panjinga, ndipo sayimba isanatenthe. Msana ukuwavuta, koma zoyisiya kunyumba safuna n'kumva komwe.

Mwana wawo Fiona anajambula kamvekedwe kake n'kukaika m'kompyuta kuti bambo ake apumule kunyamula. Atayesa Lamulungu, nyimbo zofatsa zinamveka chimodzimodzi. Pa nyimbo ya chopereka, bambowo anamenya nsambo mwamphamvu, kudikira kusasa mawu kwa ampulifaya ija kumene kumavinitsa amayi a m'tchalitchi. Kompyuta inangokweza mawu mwaulemu, amayi n'kumangoyang'anana.

"Mwanawe," anatero bambowo potuluka akuseka, "akazi anga aja unawajambula akunong'ona. Akapsa mtima sunawamve."

Ampulifaya ija ikupitabe kutchalitchi m'bulangete lake, koma tsopano panjinga ya Fiona.