Mafunso amene sankafa

Makompyuta anabwera pa chipatala chathu chaching'ono ku Chama chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chiswe chitadya makadi a anthu opereka magazi. Ine ndinali namwino wochokera m'tauni, ndipo poti ndinkadziwa kutaipa, anangoti ndiwe katswiri.

Amene anawatchera anali bambo wina wa ku Lusaka, wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Makina aakulu osunga mayina anawaika m'kachipinda kakekake. Anati kutsegula njira yopita kumeneko kumachedwa, choncho anasiya njira zochepa zotsegula kale, zoti makompyuta athu azibwerekana. Funso lililonse limene tinkafunsa makinawo linkakonzedwa n'kusungidwa m'njira momwemo kuti mawa lisachedwe. Zoti mafunso akalewo azifufutidwa liti, sanawauze makinawo. Mwina anaiwala.

Vutolo silinaoneke msanga chifukwa magetsi ankazima tsiku lililonse, ndipo akazima mafunso onse osungidwa ankafera pomwepo. Tinkawatukwana magetsiwo osadziwa kuti akutisesera m'nyumba. Kenaka tinalandira mabatire ndi sola, tinavina, makina sanazimenso. Mafunso anayamba kuunjikana.

Mvula itayamba, bambo wina wa ku Kambombo anabwera ndi mkazi wake pa njinga. Mayiyo anali atabereka kumudzi ndipo magazi sankaleka. Magazi ake anali a mtundu wosowa, ndipo mufiriji munalibe. Ndinathamangira pa kompyuta kuti indiuze amene ali ndi mtundu umenewo pa boma. Inayankha kuti mafunso otsegula achuluka, singalandire lina. Ndinayesa kompyuta ina. Yankho lomwelo, poti njira zake zinali zomwezo.

Mwamunayo anaima pakhomo atapinda kale mkono wa malaya.

"Ba sista, tengani anga. Ndili nawo ambiri."

"Tayeza, atate. Anu sagwirizana ndi awo."

"Manje tichite bwanji?"

Ndinaimbira bambo wa ku Lusaka uja. Foni yake inkangolira osayankhidwa. Tinatuma anthu kumsika kukaitana aliyense wofuna kuyezedwa, ndipo mwa amene anabwera panalibe ngakhale mmodzi wa magazi ogwirizana ndi a mayiyo. Mnzanga anazula waya wa mabatire kuti makina ayambirenso. Atayaka anayamba kudzifufuza okha ngati sanaonongeke, manambala akukwera pang'onopang'ono. Ndinakhala pamenepo nditagwira tsaya. Ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi ukali wosowa woukalira.

Mayiyo anamwalira dzuwa likupendeka. Kulira kwa mwamuna wake ndinakumvera ndili pa mpando wa pa kompyuta pomwepo.

Pasanapite nthawi makina anamaliza, ndipo funso langa analiyankha msangamsanga. Panatuluka dzina limodzi, la mphunzitsi wina wokhala kuseri kwa mpanda wathu. Pa windo ndinkamuona akuanula zovala.