Kachibangili kachikasu

Mwana wanga atabadwa, kukiliniki kunabwera anthu a ku Lusaka ndi tizibangili tachikasu tomanga pamkono pa khanda. Thupi likatentha, kachibangili kamalira n'kutumiza uthenga kwa anamwino. Anandifunsa ngati ndili ndi foni, ngati ndimawerenga. Ndinayankha m'Chingerezi, kunyadira satifiketi yanga ya kukoleji. Zoti ndimakhala ndi ndani sanafunse.

Tizibangilito ankapatsa ana a ife tokha omwa mankhwala a kachilombo. Mwamuna wanga ankadziwa, poti nayenso amamwa. Amayi ake, omwe tinkakhala nawo, sankadziwa.

Azimayi a kusikelo sachedwa kuzindikira zinthu. Tsiku lina kudooko, ndikusankha nsomba, wina anakweza mawu: "Amake mwana, wotchi yabwino bwanji! Athuwa sanapatsidwe. Kaya ife tilibe chiyani m'magazi?" Onse anaseka. Mnzanga amene tinkaimba naye kwaya anachotsa kapu ya mwana wake pafupi ndi ine, pang'onopang'ono, kuti ndione.

Ndiye kutentha kwa kuno ku Luangwa! Ndikabereka mwana m'chitenje, kachibangili kankalira iye ali bwinobwino. Kanalira m'bwato. Kanalira m'tchalitchi, mitu yonse n'kutembenuka.

Titabwerako, apongozi, amene anali atamva kale zonenedwa kudooko, anati, "Bweretsani mwanayo." Anadula kachibangili kaja ndi mpeni wotumbulira nsomba. "Mdzukulu wanga si mbuzi yoti aziyenda ndi belu. Matenda munakatenga kukoleji kwanuko, musawalengeze pamkono pa mwana." Mwamuna wanga anali pomwepo, akusoka ukonde. Sanadzutse mutu.

Ndisaname, mtima unakhala pansi. Kachibangili ndinakakwirira kuseri kwa khola.

Malungo atabwera panalibe cholira. Mwana ankangoyamwa mwaulesi, ine n'kumati ndi dzuwa. Ndinazindikira atayamba kugwedezeka, maso atatembenuka. Tinathamanga naye panjinga mpaka kuchipatala. Anapulumuka, koma mpaka lero ndimadzidzimuka n'kumugwira pamphumi, ngakhale akusewera.

Mtsikana wina wa anthu a tizibangili aja anatipeza m'wodi. Anayang'ana mkono wa mwana nati, "Mayi ophunzira ngati inu, kuchita zimenezi?" Ndinayesa kufotokoza za kudooko. Anamwetulira, n'kumanga katsopano.

"Kulibe ka mtundu wina?" ndinafunsa. "Kobisika?"

"Kachikasu kamaoneka msanga," anatero.

Sindinakavulenso. Apongozi anandipatulira mbale yanga ndi kapu yanga, amaziika pansi pafupi ndi chitseko. Mwana ndi yemwe amadya nawo pamphasa. Asanamunyamule, amaphimba mkonowo ndi nsalu.