Kalongonda wa Madzi Amodzi

Ngati mwamva mbiri yoti mphunzitsi wina wa kuno kuminda ya tiyi anapezeka Lachinayi masana akudzandira pamsewu ngati wochokera ku masese, musatsutse. Mphunzitsiyo ndine. Kudzandira ndinadzandiradi, kugwa ndinagwadi, koma mowa ndiye ayi. Lolani ndifotokoze ndekha, nkhaniyi isanakafike ku Luchenza anthu atayithira kale nsinjiro.

Lolemba mayi a kunyumba kwanga anapita kwawo kwa Khwethemule kukaona mng'ono wawo amene wapatsidwa mphatso ya mwana. Ponyamuka anandilozera kadengu kamene kanali kuseri kwa chitseko.

"Umo muli kalongonda, anatipatsa ndi mayi Nakoma. Musamukhudze. Mukamulakalaka, muyambe mwakafunsa eni akewo kaphikidwe kake."

Kwa inu a kutali amene simumudziwa, kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene abale athu Achilomwe anabwera nazo kuchokera kwa Apwitikizi. Ife Amang'anja timangomuona akuyanga m'minda mwawo. Ine ndinali ndisanamulawepo chibadwire.

Tsono mawu oti "mukafunse" ndi amene anandilasa. Ine kukagogoda kwa a Nakoma?

Apa ndiyenera kuulula kanthu kamene ndakhala ndikubisa. Zaka ziwiri zapitazo ndine ndinkayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu. Lamulungu lina, anthu atadzaza mpaka pakhomo, ndinaitenga nyimbo pamwamba kwambiri, mawu n'kundithyokera panjira ngati tambala wongophunzira kulira. A Nakoma, bambo wogwira ntchito yodulira tiyi amene ankakhala kumbuyo kwanga, anaitola nyimboyo m'munsi, mpingo wonse n'kuwatsatira. Atsikana awiri atatu anaseka. Patapita milungu ingapo akulu a mpingo anati kuyambira pamenepo aziyambitsa ndi a Nakoma.

Zinandiwawa, sindinama. Mumtima ndinkati, munthu wobwera dzulodzuloli ndi kamtolo pamutu, andichititse manyazi m'tchalitchi chimene bambo anga anasenzera mitengo yake? Ndinasiya kuimba. Ndikawaona a Nakoma akubwera, ndinkapatukira m'mizere ya tiyi ngati ndaona chinachake chofunika kumeneko. Ndipo abusa atabwera kudzatidyetsa Mgonero wa Ambuye, ine ndinakhala kunyumba. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi.

Chifukwa chake ndinali nacho, chokongola bwino. Ndinkauza mayi a kunyumba kuti munthu sayandikira gome la Ambuye mtima uli wosayera. Mawu oona amenewo. Koma kuuyeretsa mtimawo ndiye sindinkafuna n'komwe.

Mlungu wathawu akulu a mpingo ananditumizira mawu, mwaulemu koma osazungulira. Abusa akubwera Lamulungu. Ndikapanda kukhala pagome ulendo uno, iwo adziwa kuti ndadzichotsa ndekha mumpingo. Ndinayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kale kuti sindipita.

Tibwerere ku kadengu kaja. Pofika Lachinayi, ndiwo zimene anandisiyira zinali zitatha. Ndinakayang'ana kadenguko, nako kanandiyang'ana. Ndinati nyemba ndi nyemba basi. Mphunzitsi wathunthu, wolemba kalata m'Chingerezi, angalephere kuphika nyemba? Ndinateleka mphika m'mawa, n'kumabwera kudzasonkhezera moto ana akamalemba pa masileti awo. Pofika masana madzi anali atada bii. Ndinati eya, msuzi wake ndi umenewu. Ndinathira mchere, ndinadya, ndipo msuziwo ndinapapira wonse. Kunali kowawira pang'ono kukhosi, koma ndinati mwina ndi mmene amakomera.

Akulu anati safunsa anadya phula. Iyeyo bola, phula silizunguza mutu.

Ndinanyamuka kupita kukaphunzitsa kalasi ya ofuna ubatizo. Taganizani, kalasi ya ubatizo! Ndisanafike ndi pamlatho pomwe, mizere ya tiyi inayamba kuyenda yokha. Phiri la Thyolo linapendekera kumanzere. Ndinaponya mwendo kuti ndiliwongole, n'kupezeka ndili m'ngalande, chipewa uko, mabuku uko.

Amayi ena ochokera kotola nkhuni anaima chapatali.

"Si aphunzitsi awo?"

"Ndi iwowo. Alawa!"

"Masana ano? Ndiye chifukwa chake sabwera ku Mgonero eti!"

Ndinkamva zonse, koma lilime linali litalemera. Ndinadziwa kuti dzina langa latha, ndipo ndi dzinalo ipitanso ntchito ya sukulu.

Kenako wina anagwada pambali panga, n'kuika pansi mpeni wodulira tiyi. Anali a Nakoma, akuweruka kuntchito. Anandinunkhiza kukamwa, anandiyang'ana m'maso, n'kutembenukira kwa amayi aja.

"Amayi inu, pakamwa apo mutseke. Awa si mowa ayi. Mowa ine ndimaudziwa, ndinamwapo ndisanalowe kalasi ya ubatizo. Aphunzitsi adya chinachake."

Anandibereka kumsana, ine munthu wa ndevu zanga, mpaka kunyumba. Atandigoneka pamkeka anapita kukavundukula mphika. Anasuzumiramo, n'kundifunsa.

"Aphunzitsi, madzi munataya kangati?"

"Madzi ati?"

"Akudawa."

"Msuziwo? Ndamwa."

"Mayo ine! Mwamwa? Madzi amodzi omwewo?"

Bamboyo anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Anati makolo awo ankasimba kuti kalongonda wophikidwa chotere anagonetsapo ankhondo amphumphu, ndiye ine ndili ndi mwayi kuti ndangogona ndekha. Anandimwetsa madzi ambiri, anandiphikira kaphala, ndipo ataona kuti maso anga abwerera m'malo mwake, ananyamula mphika uja n'kukauonetsa kwa amayi aja khomo ndi khomo. Pofika Lachisanu mudzi wonse unkandiseka, inde, koma unkaseka mbuli, osati chidakwa. Sindinkadziwa kuti munthu angakondwere chotere potchedwa mbuli.

Loweruka ndinavala jekete n'kupita kukathokoza. Khomo lija ndinalizemba zaka ziwiri, ndinaligogoda ndi dzanja langali. Ndinapeza mayi Nakoma ali pamoto kuyambira m'mamawa, ati akufuna ndione ndi maso anga mmene anthu amaphikira kalongonda.

Abale, imeneyo ndi ntchito. Awiritsa, akhuthula madzi. Asenda makoko imodziimodzi, atsuka, atelekanso. Madzi akada, akhuthulanso, ndipo amakawatayira kudzenje kutali kuti nkhuku zingamwe. Ndinawerenga mpaka kasanu, kenako ndinasiya. Nkhuni zinatha mtolo wathunthu.

Ndinalephera kupirira. "Mayi, nanga bwanji osangozitaya nyemba zovuta chonchizi, n'kumadzala zinzake?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Titaye? Aphunzitsi, amayi anga pothawa kwa Apwitikizi mphika anasiya, khasu anasiya, koma mbewu iyi anamanga pansonga ya nsalu. Chaka chija chimanga chinapserera, anatisunga ndi ameneyu. Chotaya ndi madziwa. Nyembayo ayi."

Iwo ankanena za nyemba basi, sankalalikira. Koma ine mawuwo anandikhala pamtima, ndipo ndinayamba kuganiza za bambo anga.

Bambo anga anabatizidwa ali munthu wamkulu kale. Abale awo anawasala, amalume awo n'kuwauza kuti asadzapondenso pa miyambo ya banja. Sanabwerere m'mbuyo. Pomwalira sanandisiyire mbuzi ngakhale imodzi, ndipo munda umene ankalima lero ndi tiyi wa mzungu. Chimene anandisiyira, chimene iwo anamanga pansonga ya nsalu, ndi malo aja pagome la Ambuye. Tsono ine mwana wawo ndinali pafupi kuwataya malowo chifukwa cha nyimbo imodzi imene inandithyokera pakhosi.

Paja timaphunzitsa ana za munthu wa m'Baibulo uja anasinthanitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, ndipo timapukusa mitu kuti anali wopusa. Komatu iyeyo anali ndi njala, ndipo mphodzazo anadya n'kukhuta. Nanga ine ndikanapindula chiyani? Chakukhosi sichikhutitsa munthu.

Musandiseke kwambiri, chifukwa sindili ndekha. Ndikudziwa mayi wina amene anasiya kupemphera chifukwa mnzake anakhala pamalo pamene iye ankakonda kuyala nsalu yake. Ndikudziwa bambo wina amene atalephera kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, anayamba mapemphero akeake pansi pa mtengo wa mango, mpingo wake ndi mkazi wake ndi ana atatu, ndipo mkaziyo ndamva akuti akufuna kutuluka. Mukawafunsa onsewa, sanena kuti ndakwiya. Amati akufuna chiyero.

Kodi chiyero ndi kutupa masaya? Kodi ndi kukhala wekha pakhonde anzako akuimba?

Sindikunena kuti zowawa kulibe. Kuno kuminda zowawitsa mtima n'zosasowa. Thangata alipo, kapitao wolalata alipo, ndipo ambiri a ife tikukhala ngati alendo pa nthaka imene makolo athu anaikidwamo. Zimenezo n'zoona, ndipo ndidzazinenabe pamene pali poyenera. Koma taonani kumene timakakhuthulira mkwiyo wathu. Bwana wa esiteti akamadutsa timavula chipewa mwachangu. Ndiye tikafika m'tchalitchi, mbale wathu wosauka ngati ife tomwe ndi amene timamuonetsa kuti ndife amuna. Mmang'anja akuti uyu ndi wobwera, Mlomwe akuti uyu ndi wonyada, chonsecho m'mawa onse awiri akaima pamzere umodzi, mipeni m'manja, chiperoni chikuwanyowetsa mofanana.

Mmene ndikuonera tsopano, madzi akuda amatuluka mwa munthu aliyense amene moyo wamuika pamoto. Kutuluka kwakeko si tchimo. Tchimo n'kuwasunga, kuwathira mchere, n'kumawatcha msuzi. Ndipo sakhuthulidwa kamodzi. Lero ukhululuka, mawa upeza adanso, ukhuthulanso. Chiyero chimene ine ndachiona ndi maso ndi chimenecho, ntchito yotha nkhuni, yofuna munthu wosatopa.

Dzuwa litapendeka kalongonda anapsa. Mayi Nakoma anatiikira m'mbale imodzi, ine ndi a Nakoma. Ndinayamba ndi nyemba imodzi, mwamantha, kudikira kuti phiri lipendekerenso. Silinapendekere. Abale, kukoma! Ndinadya mpaka manyazi anandigwira.

Pamenepo ndinalimba mtima.

"A Nakoma, ndabwera kudzathokoza, komanso ndabwera kudzapepesa. Zaka ziwiri izi ndakhala ndikukusungirani chakukhosi."

Anasiya kutafuna. "Ine? Ndinakulakwirani chiyani, aphunzitsi?"

"Nyimbo ija. Tsiku lija munandilanda nyimbo pamaso pa mpingo."

Anakanda kumutu, kuyesa kukumbuka. Anaitana akazi awo kuti awathandize. Mayiwo ndi amene anakumbuka, ndipo anawomba m'manja.

"Ooo, tsiku lija pakhosi panu panavuta lija!" anatero a Nakoma. "Ine ndimayesa ndakuthandizani kusenza. Munthu katundu akamamugwa, woyenda pambuyo amawakha, si choncho? Ndiye mutasiya kuimba, ife timati chifuwa chija sichinathe. Uchi uja tinatumiza chaka chatha unali wa chimenecho."

Uchiwo ndinaukumbuka. Ndinaudya ndithu, uku ndikuuza mayi a kunyumba kuti anthuwa akufuna kundigula.

"Nanga za Mgonero simunadabwe?"

"Tinadabwa. Koma tinati mwina aphunzitsi ali ndi nkhani yawo ndi akulu a mpingo, si bwino kufunsa. Timangokutchulani popemphera, ine ndi mayiwa."

Ndinaseka, kenako ndinapeza kuti ndikulira, ndipo sindinachite nazo manyazi. Zaka ziwiri ndikupatuka m'njira, kunyowa ndi mame a m'tiyi, kuwonda ndi mkwiyo, pamene mdani wangayo ankagona tulo take bwinobwino, n'kumadzuka kundipempherera. Nkhondo yonse ija ndinkamenya ndekha, mbali zonse ziwiri.

Lamulungu ndinapita. Mayi a kunyumba anali atabwera Loweruka lomwelo, ndipo atamva zonse anaseka kaye za mphika uja, kenako anandisitira malaya. Ndinakhala pabenchi la a Mgonero, a Nakoma ali kudzanja langa lamanja. Chikho chitafika kwa iwo anamwa, n'kundipatsira ndi manja awiri. Ndinachilandira, nanenso n'kumwa. Sindikumbuka kuti ndinakondwapo chotere chibatizidwire changa, ndipo potuluka ndinapereka moni kwa aliyense, ngakhale amayi a nkhuni aja.

Tsono inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti wina wa inu ali ndi wake amene amamupatukira m'njira. Mwasiya pemphero, mwasiya abale, mwatsala pang'ono kusiya chimene makolo anu anachivutikira, zonsezo kuti iyeyo amve kuwawa. Musanataye zambiri, tapitani mukamufunse. Kodi iyeyo akudziwa n'komwe kuti munakwiya?