Ndevu za a Rolland

A Rolland Paquette ndi munthu wouma khosi, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene wakhala nawo moyandikana kuyambira ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Moyo wawo wonse ankasema miyala ya pamanda m'tauni ya Barre, mpaka fumbi linawadya mapapo. Masiku ano akakwera kamtunda pang'ono amaima kaye, n'kumanamizira kuyang'ana mitambo. Ndevu ndiye anali nazo zofika pachifuwa, zoyera kuti mbee, moti ana a m'tauni ankayamba kuwapatsa moni waulemu Khirisimasi ikayandikira, powayesa nkhalamba ya ndevu yobweretsera ana mphatso.

Njuchi sizinali zawo. Zinali za akazi awo, a Jeannine, amene anandiphunzitsa ineyo kuweta njuchi. A Rolland ntchito yawo inali kunyamula mabokosi uku akung'ung'udza. Kenako a Jeannine anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, mapeto ake mayina a ana awo omwe. Ine tsiku lina ankandilandira bwino, tsiku lina n'kundifunsa kuti ndabwera kudzagulitsa chiyani. M'mutu mwawo munatsala zinthu ziwiri basi: ming'oma yawo, imene ankakhala akuiyang'ana pawindo la kukhitchini, ndi amuna awo. Ndipo amuna awowo ankawadziwira ndevu. M'mawa uliwonse ankatambasula dzanja n'kuzigwira, ndipo zikatero mtima unkakhala m'malo, n'kulola kudya.

Kuno aliyense woweta njuchi amadziwa kuti chimbalangondo si mdani weniweni, mdani ndi nthata za varowa. Tinthu tofiira, tochepa ngati mutu wa singano, koma ukatisiya, pofika Malichi umatsegula mng'oma n'kupeza zii. Timadikira kumapeto kwa Novembala, mfumukazi ya njuchi itasiya kuikira mazira, chifukwa nthata zikabisala m'zipinda zomatidwa za ana a njuchi mankhwala sazifika. Ndiye umasankha tsiku lofundirako, kuthira asidi wa okizaliki m'kambale kachitsulo ka mpini wautali, kukalowetsa pakhomo la mng'oma, kutseka ndi chiguduli, n'kulumikiza mawaya ku batire ya galimoto. Asidiyo amasanduka nthunzi. Njuchi sizidandaula kwenikweni, koma munthu ukaipuma, mayo ine, umaona ngati wameza moto. N'chifukwa chake timavala masiki ya labala yogwira nkhope kuti gwa.

Chaka chatha ndinapita ine kukawafukizira. Ndisanamalize n'komwe mng'oma woyamba, ndinangomva kukuwa. A Jeannine anali atatuluka opanda nsapato pa chipale chofewa, akulira kuti wakuba akuotcha njuchi zawo. Anatenga masiku ambiri asanakhazikike. A Rolland anamaliza okha ntchitoyo, masiki ataivala pamwamba pa ndevu, nthunzi n'kumalowa m'mbali monsemu. Anatsokomola mpaka chaka chatsopano, ndipo adokotala anawauza mosapsatira kuti akadzabwerezanso asadzavutike n'kubwera kuchipatala.

Chaka chino ndinawapeza m'khumbi lawo la zipangizo akuyang'anitsitsa masiki ija ngati yawalakwira.

"Mutu umodzi susenza denga, a Rolland," ndinatero. "Ndibwerekeni jekete lanu lofiiralo, a Jeannine adzaona ngati ndinu."

"Inuyo a Doreen? M'jekete langa? Adzati thumba la mbatata lamera miyendo."

"Chipongwe ndiye muli nacho. Nanga tingowatsekera makatani?"

"Mukawatsekere ndinu, ine moyo ndikuufunabe."

"Ndiye zisiyeni njuchizo chaka chino."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati ming'oma ikadzakhala zii m'chilimwe, a Jeannine adzayang'ana chiyani pawindo paja? Kenako anandipempha kuti ndiwabwereke sizasi ndi lezala la malemu amuna anga, chifukwa iwo analibe, ati amete ndevu kuti masiki igwire bwino.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawauza kuti akuchita masewera ndi chinthu chimene sichibwerera, kuti ndevu zimameranso koma a Jeannine akangowataya m'mutu ndiye kwatha. Iwo anangoti, "Walira mvula walira matope," n'kumapitiriza kupukuta masiki yawo. Munthu ameneyu ukamakangana naye umangotaya malovu.

Tsikulo linafika lili bata, kadzuwa kakuwala pa chipale. Anadyetsa akazi awo phala ndevu zilipo, n'kuwakhazika pawindo ndi bulangete, kenako n'kubwera kwanga. Ndinawameta ine pakhonde. Iwo anangokhala, maso ali kumapiri. Pansi pa ndevu zija panatuluka chibwano chotumbululuka, chokhala ndi kabowo pakati, chimene ine ndinali ndisanachionepo.

"Ndikuoneka bwanji?"

"Ngati nkhuku yosoledwa."

"Zikomo, mwandilimbitsa mtima."

Ine ndinabisala kuseri kwa khumbi, kumene a Jeannine sakanandiona, n'kumasuzumira. A Rolland anamanga masiki, nthawi ino inagwira bwino, n'kuyamba kukoka kangolo ka batire. Ankagwada pang'onopang'ono, kulowetsa kambale, kutseka, n'kusunthira kumene mphepo ikuchokera. Kanthunzi koyera kankatuluka m'ming'alu ya chivundikiro, ndipo m'kati njuchi zinkalira mokweza pang'ono kenako n'kudekha. Akamaliza mng'oma umodzi ankaziziritsa kambale mu chipale, n'kukweza dzanja kuloza kuwindo. Ndinaona dzanja la a Jeannine likuyankha. A Rolland sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Atamaliza anavula masiki, n'kuima nthawi yaitali akupinda mawaya omwe anali atapindidwa kale. Ndinadziwa kuti akuopa. Nanenso mtima unali m'mwamba.

"Tiyeni tilowere limodzi," anatero. "Akandithamangitsa, inu mukawaphikira nkhomaliro."

Tinalowa. A Jeannine anatembenuka, n'kutambasula dzanja monga mwa masiku onse, koma dzanjalo linaima m'malere. Anawayang'ana a Rolland kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhope yawo inasintha, ine n'kuti basi, tawataya. Misozi inali italengeza kale m'maso mwanga.

Kenako a Jeannine anagwira pakamwa, n'kuyang'ana msanga kuchitseko cha kuchipinda. Anayamba kukonza tsitsi lawo ndi zala, masaya atafiira.

"Iwe Rolland," ananong'ona, "wapenga? Walowa bwanji muno masanasana? Bambo anga akakupeza akuthyola miyendo."

A Rolland anaongoka. Anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Ndabwera kudzawaona iwowo," anatero potsiriza. "Ndikufuna kukufunsira."

A Jeannine anaseka, maso ali pansi, n'kusuntha pang'ono pa benchi kuwapatsa malo.

"Khala kaye apa," anatero. "Koma ndisakunamize, ndiyenera kuganiza kaye."

Ine ndinatuluka mwakachetechete, n'kukatenga kangolo ka batire kamene anakasiya kuming'oma.