Tsiku Limene a Brabec Anaswa Mwambo wa Bowa

Kwathu ku Kamenná Lhotka aliyense amawadziwa a Svatopluk Brabec, chifukwa palibe nyumba yakale imene sanaikonzerepo mbaula yotenthetsera m'nyengo yachisanu. Ndi munthu wamfupi, wolankhula ngati akupepesa, ndipo mwaye suchoka m'zikhadabo zawo ngakhale Lamulungu. Kutchalitchi amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Munthu wotereyu ndiye anayambitsa chipani. Bambo awo analandidwa shopu m'nthawi ya chikomyunizimu, ndipo ulamuliro uja utagwa, a Brabec anabwezeredwa shopuyo denga likudontha. Patapita zaka, atatopa ndi malamulo osinthasintha, anakumana ndi amisiri a m'matauni oyandikana nafe m'chipinda chakuseri kwa malo omwera mowa, nagwirizana zoyambitsa Chipani cha Amisiri ndi Eni Mashopu. Zofuna zawo sizinali zambiri: misonkho ichepe, boma lisamalowerere pa ntchito ya munthu ndi banja lake, ndipo cha mwini chizilemekezedwa. A Brabec ankaima pakhomo la tchalitchi kupempha anthu kuti asaine, chipanicho chilembetsedwe. Ine ndinasaina pongowamvera chisoni.

Pa chisankho cha aphungu anagwa chagada. Chipani chimafunika mavoti asanu pa zana lililonse kuti chilowe m'Nyumba ya Malamulo, koma iwo sanafike ngakhale imodzi. Mapepala ovotera amatibweretsera kunyumba, chipani chilichonse pepala lake, ndipo otsala timayatsira moto.

"Iwe Svaťa," anatero a Radomír Pecha, ogulitsa nyama, amene anakulira nawo limodzi, "pepala la chipani chako limayaka bwino kuposa onse. Ulendo wina utumize ambiri."

"Ngati latenthetsa nyumba yako, ndiye lagwira ntchito kuposa boma," anayankha a Brabec.

Amuna anga, a Květoslav, atamwalira, chaka chisanathe, ameya ndi anzawo anabwera ndi maganizo okulitsa msewu wa malole. Msewuwo unayenera kudya mbali yakumunsi ya manda athu akale, ndipo kumunsiko n'kumene agona a Květoslav, pafupi ndi makolo awo. Anatilonjeza kuti mafupa adzawasamutsa mwaulemu kupita kumanda atsopano, kuseri kwa fakitale. Ine sindine wolankhula pagulu. Ndinabwerera kunyumba, n'kugwada, n'kuuza Mulungu kuti sindikudziwa chochita.

Makhansala anali ogawikana pakati ndi pakati, ndipo chisankho chawo chinali mu Okutobala. A Brabec anaimira, nanena kuti manda ndi a mabanja, si a khonsolo. Anthu onse ankadziwa kuti akapeza mpando umodzi wokha, msewuwo ukhota.

Timavota Lachisanu masana ndi Loweruka mpaka 2 koloko. Sabata imeneyo kunagwa mvula yofunda, ndipo bowa anamera ngati sanamerepo chiyambire. Lachisanu anthu anati tivota mawa. Loweruka kutangocha, achikulire onse, omwe ali ndi abale kumanda akale aja, anatenga madengu n'kulowa m'nkhalango.

Ndinapita kukavota kusukulu dzuwa lili pamutu. M'holo munali zii, oyang'anira chisankho akungoyasamula. Panja ndinapeza a Brabec atatsamira galimoto yawo yonyamulira njerwa.

"Mayi Kubíčková," anatero, "anthu athu onse ali kubowa."

"Abwera, bambo."

"Sabwera. Munthu akapeza bowa amaiwala ndi dzina la mwana wake." Anakanda m'mutu, kenaka anati, "Ndikudziwa kumene ali. Aliyense."

Ndinawayang'ana. Kwathu munthu saulula malo ake a bowa, ngakhale kwa mkazi wake. Ukamuona mnzako pamalo pake, umayang'ana kumbali ngati sunaone kanthu, ndipo sudzatchula mpaka imfa. A Brabec ankayenda m'nkhalango zaka zonsezo kufunafuna dothi la mbaula, ndipo anaona zambiri, koma pakamwa pawo panali potseka.

"Adzakudani," ndinatero.

"Kwerani, mayi. Mukandigwirire madengu."

Tinalowa m'nkhalango galimoto ikujowajowa m'mizu. Pafupi ndi mlatho wakugwa anaima, natulutsa mutu pawindo.

"Radomír! Tuluka kuseri kwa mwala waukuluwo!"

Tchire linagwedezeka, a Pecha n'kutulukira, nkhope ili psuu, dengu atalibisa kumbuyo ngati mwana wakuba shuga.

"Wamisala iwe! Ukukuwa dzina langa pano? Wadziwa bwanji malo ano?"

"Ndinakuona kalekale, usanamere chimimbacho. Kwera, nthawi ikutha."

"Ndikavotera chikomyunizimu, uone!"

"Kavotere amene ukufuna, bola ukavote. Amayi ako agona mzere umodzi ndi amuna a mayiwa."

A Pecha anandiyang'ana, navula chipewa, nakwera kumbuyo akung'ung'udza. Tinapitirira chomwecho, kumtsinje, kuphiri, kuseri kwa khola lakale la nkhosa, a Brabec akuitana aliyense ndi dzina lake. Okwera kale aja ankatong'ola maso kuloweza malo a anzawo. Mayi wina anawatukwana a Brabec mawu amene sindingalembe, koma anakwera. Ine ndinakhala kutsogolo, madengu ali pamiyendo, ndikupemphera chamumtima. Tinabwereranso kangapo, ndipo omaliza analowa m'holo nsapato zili matope okhaokha, chitseko chatsala pang'ono kutsekedwa.

Chipani cha Amisiri ndi Eni Mashopu chinadutsa mwa mwayi malire a mavoti asanu pa zana aja, omwe amafunikanso kukhonsolo, n'kupeza mpando umodzi. M'dziko lonse chinapeza mipando yowerengeka chabe, m'matauni ang'onoang'ono ngati lathu. Pamsonkhano wa khonsolo a Brabec analankhula mawu ochepa, kenaka anakweza dzanja kukana kuti msewu udye manda. Msewu unadutsa kuseri kwa munda wa mbatata.

Anthu sanawakhululukire msanga. Chaka chotsatira aliyense anapeza mnzake atamutsogolera pamalo pake pa bowa, ndipo panali mikangano mpaka pakhomo la tchalitchi. A Pecha anakhala nyengo yonse yachisanu osawalankhula, mbaula yawo ikufuka utsi, chifukwa cha liuma losafuna kuwaitana. Pa chisankho chotsatira a Brabec anagwa. Chipanicho chinatha mwakachetechete, mamembala ena n'kulowa m'zipani zikuluzikulu. Iwo anabwerera ku dothi ndi njerwa zawo, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Ndinayesa kuwathokoza kamodzi titatuluka m'Misa. Anachita manyazi, nayamba kundifunsa ngati chumuni changa chikukoka bwino utsi.

Pa tsiku lokumbukira akufa onse, manda athu amadzaza anthu ndi makandulo. Ine ndimapita masana, ndimasesa masamba, ndimayatsa kandulo yanga, n'kukhala pang'ono pambali pa a Květoslav, pomwe tinawaika. Malole amamvekera patali. Ndikatha kupempherera amuna anga ndi makolo awo, ndimatchulanso dzina la a Svatopluk Brabec, ngakhale iwo akadali moyo.