Fungo la Khola la Kumtunda

Mboni ndili nazo zitatu: mkulu wa mpingo wathu, bambo wachisilamu wa golosale pa Bowe, ndi galu wanga, ngakhale iyeyo anasamuka. Kawafunseni ngati ndikuwonjezera.

Kumtunda kwathu munthu wina wa m'tauni anamanga khola lonenepetsera ng'ombe. Ng'ombezo siziyenda, zimangodya madeya n'kudzithandiza pomwepo. M'mamawa fungo linkatsika phiri ngati madzi n'kudzagona pakhomo pathu. Ntchentche zinkafika pampanda n'kubwerera. Ndikulumbira. Sopo amene ndinagula chaka chimenecho, bambo wa golosale anagulira njinga yamoto. Mandasi a mkazi wanga anthu anasiya kugula.

"Bambo a ana," anatero, "mvula ikapeza fungoli lidakalipo, ine ndi ana tikupita kwathu ku Ntchisi."

Titadandaula, mwini khola anabweretsa anyamata awiri a ku yunivesite. Anaimika chitsulo choyezera mphepo. Anati kompyuta ijambula mapu a kumene fungo limafika, ndipo nyumba ikagwera pofiira, mulu wa ndowe usunthidwa. Koma kompyuta ilibe mphuno. Ankafuna zathu, nalonjeza kangachepe kwa aliyense wonunkhiza.

Atafika kwathu tinawalandira monga alendo: mipando, madzi osamba m'manja, mbatata yootcha. Mkulu wa mpingo anabwera atavala jekete.

"Bambo, panopa fungo mukulimva bwanji? Lambiri, pang'ono, kapena palibe?" mmodzi wa anyamata aja anandifunsa.

Misozi inali ikuyenderera m'masaya mwanga. Koma kwathu kuno mlendo akamadya sumuuza kuti pakhomo pako pakununkha.

"Aa, pang'ono chabe," ndinatero.

"Tingothokoza Mulungu," anatero mkulu wa mpingo, mpango uli pamphuno.

Wofunsayo, nayenso woleredwa bwino, anameza mbatata movutikira n'kulemba kuti pang'ono.

Mapu anabwera. Pofiira panathera pamtengo wa mango, kuseri kwa chimbudzi. Nyumba yathu inali yobiriwira ngati dimba. Ndinatuluka nawo m'mamawa kukalionetsa fungolo malire ake. Silinasamale.

Ndinawaimbira foni anyamata aja, ndinachonderera: bweraninso, ulendo uno sindikupatsani ngakhale mpando. Anati kafukufuku anatha.

Mvula inagwa, mulu uja unafewa, fungo linanenepa kuposa ng'ombe. Mkazi wanga ananyamula ana ndi chiwaya cha mandasi. Sanakalipe. Anangotseka chitseko bwinobwino, ngati kuti fungolo linali kunja kokha.

Ndinatsala ndikudya pandekha, sopo ali pambali pa mbale. Kenako tsiku lina foni inalira: kangachepe kaja kalowa. Kanakwana kabaza wopita ku Ntchisi. Wobwerera ayi.