Zala M'mphepete mwa Bwato

Kumunsi kwa boma kunali damu lakale lomwe linali litasanduka dambo. Munadzaza matope ndi bango, ndipo ana osambamo ankakodza magazi. Palibe ankalilabadira mpaka tinamva kuti kukubwera alendo akuluakulu odzaona chitukuko.

Ine masiku amenewo ndinali wojambula zithunzi. Ndinkapalasa njinga kuchokera ku Chisepo mpaka ku Msakambewa, kujambula maukwati, ana olandira ukalistia woyamba, ndi alimi a fodya atanyamula wailesi yobwereka. Achimwene anga okha ndi amene sanajambulitsepo. Ankati nkhope siithawa, tidzajambula akadzagula jekete. Anawatenga asanaigule, chifukwa cha mawu amene anayankhula pamowa okhudza makhadi a chipani, n'kukawatsekera kundende ya andale kuseri kwa phiri. Akazi awo, alamu anga, anatsala ndi pakati, ndipo mwana anabadwa, anayenda, anayamba kuyankhula, atate ake osawaonapo.

Okonza damulo anali akaidi a kundende komweko. Anachotsa matope, anakumba ngalande, anayala miyala m'mbali n'kuipaka laimu. Kenako lole inabweretsa bwato lopentedwa bwino, kuno kumapiri kumene munthu wodziwa kupalasa ungamufune ndi nyali. Wapampando wa chipani m'dera lathu anandiitanitsa kuti ndikamujambule ali m'bwatomo, alendo akaone chithunzi pakhoma la ofesi.

Alamu atamva anabwera kunyumba mwana ali kumsana.

"Alamu, akuti mwina bambo ake a uyu ali m'gulu lokumbalo. Mukawaona, kajambuleniko nkhope yokha. Mwanayu adziwe kuti sanagwe mumtengo."

Ndinavomera, ngakhale zinali zoopsa. Kuloza kamera kwa mkaidi wandale kunali kudzipempha malo pafupi naye.

Nditafika ndinawaonadi, akupaka miyala yomaliza. Anali ataonda, mutu wometedwa, khosi ngati la nkhuku yodwala chitopa. Anandiona nawonso, n'kuweramitsa mutu kuti ndisawapatse moni. Ndisanatsegule n'komwe chikwama, msilikali wa ndende analamula akaidi onse kuti akagone chafufumimba kuseri kwa chulu, poti chitukuko sichijambulidwa pamodzi ndi zigawenga.

Wapampando analowa m'bwato atavala suti, nkhope ili gwa. Madzi ankawaopa kuposa njoka. Bwato linayamba kuyendayenda lokha, iye n'kugwira uku ndi uku, kutukwana aliyense. Msilikali anaitana mkaidi mmodzi kuti alowe m'madzi, agwire bwato kumbali inayo, koma mutu usaoneke. Amene anadzuka kuseri kwa chulu anali achimwene.

Analowa mpaka m'khosi m'madzi ozizira a mwezi wa chisanu, n'kubisala kuseri kwa bwato. Ndinachedwa dala. Ndinapukuta galasi, ndinasuntha, ndinagwada, ndikupemphera kuti adzutse mutu pang'ono pokha.

"Iwe, ukujambula kapena ukulima?" anatero wapampando.

Ndinadina. Achimwene sanadzutse mutu, ndipo ndikudziwa kuti ankateteza ine. Mpaka lero zimenezi zimandikwiyitsa, ngakhale sindidziwa kuti ndikwiyire ndani.

Filimu inapita ku Lilongwe kukatsukidwa. Chithunzi chinabwera chokongola mochititsa manyazi: madzi oyera, miyala yoyera, wapampando akumwetulira ngati mwini nyanja. M'mphepete mwa bwato, pafupi ndi chigongono chake, munali zala za munthu zitagwira thabwa. Ndinatsukitsa ziwiri, china n'kubisa.

Alendo aja sanafike n'komwe kudamu, anangodutsa pamsewu. Mvula itagwa matope anabwerera, bwato linawolera pabango. Achimwene anawasamutsira kundende ina kumwera, ndipo kuchokera pamenepo sitinamvenso kanthu. Sitinalandire mtembo, sitinalire maliro, alamu sanametedwe. Tinangokhala.

Mwana uja atayamba sukulu, alamu anandiuza kuti nthawi yakwana, ndimuonetse chithunzi ndinabisa chija. Tinatseka chitseko. Mwanayo anachigwira ndi manja awiri, n'kuika chala pankhope ya wapampando.

"Atate anga ndi awa?"

"Ayi, mwanawe. Ndi awa." Ndinamulozera zala zija.

Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuza chithunzicho kuti aone ngati nkhope ili kuseri. Kunali pepala loyera basi.